Michelin CrossClimate 2 SUV paulendo wa ku mapiri a Alps: imagwira bwanji pa sinowo, ndipo mafuta amayenda bwanji?

Kwa munthu wokhala ku Britain amene ali ndi galimoto yaikulu ya mtundu wa SUV ndipo amapita kokasewera ski (masewera otsetsereka pa sinowo) ku France kamodzi kapena kawiri pachaka, matayala awa ndi oyenera ndalama zake. Ndi a nyengo zonse, koma pambali pake pali chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka sinowo mkati, chomwe amachitcha 3PMSF. Chizindikirochi n'chimene apolisi amayang'ana. Lamulo la ku France limati kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi, galimoto yolowa m'madera osankhidwa a kumapiri ikhale ndi matayala otere onse anayi, apo ayi inyamule matcheni omanga pa matayala. Kuyambira Novembala 2024, zilembo za M+S (zoimira matope ndi sinowo) pazokha sizikuvomerezedwanso.

Pa sinowo wogwa kumene kapena wopondedwa ndi magalimoto ena, tayalali limaluma bwino. Mano ake anawajambula ngati chilembo cha V, choncho amakankhira kunja madzi ndi phala la sinowo wosungunuka, ndipo labala yake siuma gwa kukazizira kutsika madigiri 7 monga amachitira matayala a m'chilimwe. Msewu wokwera kuchoka ku Moûtiers kupita ku Val Thorens, malo osewerera ski okwera mamita 2,300, umakwereka bwinobwino ukakhala kuti waguzidwa.

Pamene limachepa mphamvu ndi pa ayezi weniweni, uja wonyezimira wa m'mamawa pamakona opanda dzuwa. Apo silingafanane ndi tayala lopangidwira kuzizira kokhakokha monga Nokian Hakkapeliitta. Tinene mosabisa: eni SUV ambiri amanamizidwa ndi galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi. Kukoka kumeneko kumathandiza ponyamuka ndi pokwera basi. Potsika phiri, chimene chimaimitsa galimoto ya matani awiri ndi labala yokhudza pansi, ndiye tsikani ndi giya yaing'ono, buleki muziiponda pang'onopang'ono musanafike pakona, osati muli kale mkati mwake.

Tsono za mafuta. Pogula, onani chipepala cha EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) chomatidwa patayala, chimene chimapereka chilembo kuyambira A mpaka E posonyeza mmene tayala limalemetsera injini pogudubuzika. Chilembochi chimasiyana malinga ndi saizi, choncho funsani cha saizi yanu yeniyeni, mwachitsanzo 225/65 R17 ya Toyota RAV4 zambiri. Komabe tayala si limene limatha mafuta ambiri paulendowu. Kuchoka ku Calais kufika ku Chamonix ndi makilomita pafupifupi 900. Galimoto yomwa malita 8 pa makilomita 100 idzafuna malita 144 popita ndi pobwera. Tayala litawonjezera 3 peresenti, ndiye malita anayi okha. Bokosi la padenga lonyamulira ma ski limatha kuwonjezera 10 mpaka 25 peresenti pa liwiro la msewu waukulu chifukwa limatsekereza mphepo, ndipo 15 peresenti yokha ndi malita oposa 20. Ngati ma ski angalowe mkati mutapinda mpando umodzi wakumbuyo, bokosilo lisiyeni kunyumba. Ngati n'zosatheka, yendani makilomita 110 pa ola m'malo mwa 130.

China chimene anthu amaiwala ndi mpweya. Kukazizira ndi madigiri 10, mpweya m'tayala umatsika ndi pafupifupi 0.1 bar. Wopopa kunyumba kuli madigiri 10 n'kukafika kuphiri kuli -10, wataya kale 0.2 bar, ndipo tayala lofewa limadya mafuta n'kutha m'mbalimbali. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, mutsate nambala ya galimoto yodzaza katundu yolembedwa pakhomo la dalaivala kapena pachitseko cha thanki. Musaphwetse dala poganiza kuti ligwira bwino pa sinowo. Mano amatsekeka pakati ndipo zinthu zimangoipiraipira.

Poika, gulani onse anayi nthawi imodzi. Atsopano kutsogolo kokha amachititsa kuti kumbuyo kuzitaya pakona, komanso pa galimoto yokoka mawilo onse, matayala osiyana kutha kwake amavutitsa zida zogawira mphamvu. Matayalawa ali ndi muvi wosonyeza kozungulira, ndiye muuonetsetse musanachoke pagalaja, ndipo posinthanitsa azichoka kutsogolo kupita kumbuyo mbali yomweyo. Mano akafika mamilimita 4, pa sinowo ntchito yawo yachepa, ngakhale lamulo la ku Britain limalola mpaka 1.6. Ku Austria tayala lochepera mamilimita 4 saliwerenganso ngati la nyengo yozizira.

Matcheni nyamulanibe, pakuti sinowo akachuluka apolisi angathe kulamula kuti muwamange ngakhale muli ndi 3PMSF. Buku la galimoto limanena mawilo oyenera kumangapo, ndipo SUV zina za malimu akuluakulu sizilola matcheni okhuthala chifukwa amakhula zitsulo za mkati. Yeserani kumanga kunyumba masana, mukamanga muyende mamita ochepa n'kukungitsanso, ndipo musapitirire makilomita 50 pa ola. A galimoto za dizilo amwetse thanki pafupi ndi mapiri, kumene amagulitsa dizilo wopirira kuzizira, chifukwa wamba amalimba ngati phula n'kutseka fyuluta galimoto ikagona panja.