Cute Chess patapita miyezi: mainjini oluza chifukwa cha wotchi

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito cutechess-cli, mtundu wa Cute Chess woyendetsedwa polemba malamulo, kwa miyezi ndithu. Ndi pulogalamu ya Ilari Pihlajisto ndi Arto Jonsson yopikisanitsa mainjini a chesi (mapulogalamu osewera chesi) okhaokha, munthu osakhudzako. Kukhazikika ndiye yakhazikika: ndimaisiya usiku wonse, m'mawa n'kupeza magemu mazanamazana atasungidwa bwinobwino. Koma chomwe chandidyera mutu kwambiri si mphamvu za mainjini ayi. Ndi wotchi.

Ambiri amadabwa kuti kompyuta ingathe bwanji kuperewera nthawi. Chifukwa chake n'chakuti injini siigwira wotchi. Pa UCI, njira yolankhulirana imene Rudolf Huber ndi Stefan Meyer-Kahlen anatulutsa mu 2000, pulogalamu yoyang'anira gemu imatumiza mzere ngati "go wtime 10000 btime 10000 winc 100 binc 100". Apa ikuuza injini kuti mbali iliyonse yatsala ndi masekondi 10, ndipo ikasuntha ilandira mamilisekondi 100 owonjezera. Injini imadzigawira yokha nthawi, n'kuyankha kuti "bestmove". Koma wotchi imayamba kuyenda uthenga ukangotumizidwa, ndipo imaima yankho likafika, osati pamene injini yamaliza kuganiza. Kachedwe kapakatipo injini sikaona. Komanso ikamafufuza siyang'ana nthawi mosalekeza, imasuzumira apo ndi apo ikapenda malo mazana angapo.

Gemu imodzi yokha ikukwanira kusonyeza kuwawa kwake. Injini ina yaing'ono imene ndinkaiyesa inali ndi mfumukazi ndi pawn, mnzake atangotsala ndi mfumu ndi pawn imodzi. Kupambana kunali m'manja. Nditatsegula fayilo ya PGN, momwe mumalembedwa magemu, ndinapeza [Termination "time forfeit"], pansi pake "White loses on time". Pa tebulo la zotsatira, kuluza kotere kumawerengedwa chimodzimodzi ndi kuluza kwa injini imene yasewera moipa. Magemu otere akachuluka, kusiyana kwa Elo (muyeso wa mphamvu za osewera) komwe ukuona kumakhala konama, ndiye usiku wonse wapita pachabe.

Choyambitsa chachikulu chimene ndachiona ndi kudzaza kompyuta. Mawu akuti -concurrency amalola magemu angapo kuyenda nthawi imodzi, ndipo mtima umafuna kuika nambala yaikulu kuti ntchito ithe msanga. Koma purosesa imene ikuonetsa ma thread 16 nthawi zambiri imakhala ndi ma core enieni 8 basi. Mainjini akayamba kulimbirana, ina imadikira pa mzere wotchi yake ikuyenda. Ukayatsanso ponder, kuti injini iziganiza pa nthawi ya mnzake, katundu wawirikiza. Laputopu ikatentha imadzichepetsa liwiro, zomwe zimangoonjezera mavuto. Ine ndimasiya core imodzi yopuma, ndipo kuyambira pamenepo kuluza kwa nthawi kunachepa kwambiri.

Matebulo a Syzygy a Ronald de Man, omwe ndi mafayilo osunga mayankho okonzedwa kale a kumapeto kwa gemu, nawonso amafuna chisamaliro. A zidutswa zisanu safika ngakhale gigabayiti imodzi, koma a zidutswa zisanu ndi chimodzi amakwana pafupifupi magigabayiti 150. Ukawaika pa hard disk yozungulira ija, injini imadikira kuwerenga kumapeto kwa gemu, pomwe nthawi yatsala yochepetsetsa. Malo awo ndi pa SSD.

Tsono pali timemargin, imene imalola injini kupitirira nthawi ndi mamilisekondi amene wasankha osailanga. Ambiri amaithamangira, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake: madandaulo amatha pompo. Ineyo sindiikonda ikakula. Kuli ngati kuphimba bala ndi nsalu osalitsuka, chifukwa injini yosadziwa kusamala nthawi idzakaluzabe ikakakumana ndi wotchi yosakhululuka. Mankhwala enieni ali mu injini momwemo. Injini yotchuka ya Stockfish ili ndi Move Overhead, imene imabwera pa mamilisekondi 10 ndipo ingakwezedwe mpaka 5000. Imeneyi imauza injini kuti pa kusuntha kulikonse izisungako nthawi ya ulendo wa uthenga. Kuikweza pang'ono pa kompyuta yotanganidwa n'kwanzeru kuposa kufewetsa wotchi.

Kuuma mtima kwa wotchi ya Cute Chess ndi kumene ndimaikhulupirira nako. Siikuuza chifukwa chimene injini yachedwera, zoona, koma ukayatsa -debug umaona mawu onse amene adutsa pakati pa Cute Chess ndi injini, ndipo wolakwa sabisala. Ndimapewanso magemu opanda nthawi yowonjezera. Fishtest, komwe amayesera Stockfish, imagwiritsa ntchito 10+0.1 (masekondi 10, kuwonjezerapo 0.1 pa kusuntha kulikonse) pa mayeso aafupi ndi 60+0.6 pa aatali, ndipo inenso ndimatsatira zomwezo. Mpikisano uliwonse ukatha, ndisanaone amene wapambana, ndimayamba ndafufuza mawu akuti "time forfeit" mu PGN. Akapezeka ochuluka, ndimachepetsa -concurrency n'kuyambiranso mpikisano wonse.