Timabuku ta makatuni pa msika wa Nchalo: mtengo bwino, koma zojambulazo eee

Loweruka ndinagulira ana timabuku ta makatuni pa benchi ina ya kaunjika ku Nchalo, mtengo ndi wabwino ndithu ndipo achimwene ogulitsawo amakulola kuvundukula kaye usanalipire, mapepala ake ndi olimbanso, sanang'ambike olo ana amalimbirana pamkeka.

Koma zojambulazo abale! Nyama zazimuna azijambula mosiyanasiyana, chimkango chamimba, galu wowonda makutu ali lende, koma ikangokhala yaikazi basi chiuno ngati cha mavu, chifuwa cha munthu, milomo yopaka lipisitiki, kalulu wanji wovala kasiketi kothina chonchi? Ngakhale Lola Bunny, kalulu wamkazi wa mufilimu ya Space Jam ya 1996 uja, eni ake anachita kumusintha mu 2021, kumuchepetsa zokopa amunazo.

Mwana wanga wamkazi kundifunsa kuti amayi, bwanji mvuu yonenepayi ndi imene aliyense akuiseka? Ine kusowa poyambira. Mvuu timaziona mu Shire momwemu, yaikazi ndi yaimuna zonse ndi zojintcha ndipo palibe amaseka ikatulukira pafupi ndi bwato.

Ndidzapitanso koma ndekha. Timabuku tiwiri tija ndatibisa pamwamba pa kabati.