Kamarawu wa ku Macuti, komwe ndimadya ndikafika ku Beira

Ndimayendetsa thanki yamafuta pakati pa Beira ndi Lilongwe, ndipo kudikira kupakira padoko kumatha masiku awiri kapena atatu. Masiku amenewo ndimadya pa kalesitilanti kena ka m'mbali mwa nyanja ku Macuti, kufupi ndi nsanja yakale younikira sitima. Mwini wake ndi mayi wachisena, ndipo timamvana bwinobwino poti Chisena ndi Chichewa sizitalikirana.

Chimene ndimapitira ndi kamarawu, kanyama ka m'nyanja kokhala ndi chikamba ngati nkhanu, kamene Apwitikizi amalemba camarão. Mayiwa amamung'amba kumsana, kuchotsa kamtsempha kakuda kaja, n'kumupaka adyo, mandimu ndi piripiri, kenako pamakala. Amabwera akuchita thovu m'chikamba chake, wofiira psuu, pambali pali nsima, yomwe kumeneko amati xima, ndi matapa, chigwada chophikira kokonati ndi nsinjiro. Konzekani kudikira, ola lathunthu limatha chifukwa amayamba kukonza inu mutafika. Mtengo nawo ndi wokwererapo kuposa wa ku Praia Nova, dera la asodzi la mu Beira momwemo.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti bwanji samagulitsako kamarawu wamng'ono wotchipa. Anangotenga kambale kamene mnyamata wina anabwera nako m'mawa n'kundionetsa. Munali tiana tating'ono ngati mpunga, toonekera mkati, tosakanikirana ndi tiana ta nsomba tomwe ngakhale mtundu wake sungaudziwe. Zimenezi zimagwidwa ndi chicocota, msampha wosokedwa ndi neti ya udzudzu, womwe amautchera kumathiriro a mtsinje wa Pungwe. Malo amenewo, m'matope a m'mitengo ya mangal, yomera m'madzi amchere, ndi momwe kamarawu amakulira asanatsikire kunyanja ya Sofala komwe maboti akuluakulu amakamukoka. Mayiwa zoterezi sagula, ndipo boma likatseka usodzi wa kamarawu m'miyezi ya mvula amakuuzani mosabisa kuti lero kuli nsomba basi.

Mtima unandipweteka, chifukwa ine kwathu ndi ku Mangochi. Ndinakula ndikuona kasawala, tiana ta chambo, akuyanikidwa pathandala, nanga chambo cha ku Malombe chili kuti lero? Anthu otchera chicocota sindiwaweruza, ambiri namondwe wa Idai anawasiya manja lende mu 2019. Koma ndalama yanga ndimakonda kuisiya kwa mayi ameneyu. Anzanga apamsewu, mukafika funsani wamkulu wowotcha, ndipo musaiwale matapa.