Sipika ya mainchesi 15 chiikonzereni: mmene yayendera kuyambira June mpaka mvula

Sipika iyi ndi ya mtundu umene uli ndi amp yakeyake mkati, ndipo timaigwiritsa ntchito kutchalitchi, pa zinkhoswe ndi pa maukwati. Ndinaikonza mu June. Yadutsa nyengo yozizira, yadutsa kutentha kwa Okutobala, mvula yagwa, ikulirabe bwino. Amene tinakawaonetsa poyamba anati bolodi yonse ya zamagetsi ya mkati yapsa, tiitanitse ina kunja. Bolodi ija ndi yomwe ikugwira ntchito lero, ndipo ndikufuna anzanga osamala zida za mawu adziwe chimene chinali cholakwika.

Matenda anali awiri. Mmawa kukazizira, ukayatsa switchi kagetsi kamangophethira, mkati mukumveka tiki, tiki, tiki, mawu osatuluka. Dzuwa likakwera inkayaka yokha. Ikayaka, woimba bass akagunda mwamphamvu, mawu ankathetheka ndi kudukaduka.

Ndinayamba ndi woofer, chimkuzamawu chachikulu chotulutsa bass, poti ndiyo yosavuta. Nditaichotsa waya, multimeter inawerenga pafupifupi 6 ohms, zomwe n'zoyenera kwa woofer ya 8 ohms. Nditakhudzitsa batire ya 1.5V, inadumpha bwino popanda kukwecha. Apa ndinadziwa kuti vuto lili ku bolodi.

Musanagwire bolodi, mverani ichi: magetsi athu a 230V akalowa mu power supply ya mtundu wa switch mode amasanduka pafupifupi 325V DC, ndipo capacitor yaikulu imatha kuwasunga ngakhale mutazula pulagi. Itsitseni ndi resistor, kenako yezani ndi mita. Musaigunditse ndi screwdriver.

Tiki tiki uja ankachokera pa kanthu kakang'ono kwambiri. Chip yoyendetsa power supply ndi UC3842, yomwe imadzuka mphamvu ikafika 16V n'kuzima ikatsika pansi pa 10V. Poyatsa, imadya kaye mphamvu yosungidwa mu capacitor ya 47µF yomwe ili pambali pake, kudikira kuti transformer iyambe kuipatsa yokha. Capacitor ija ikauma, mphamvu imatha transformer isanalandire ntchito, chip imazima, n'kuyambanso, n'kuzimanso. Kuzizira kumakweza ESR (kukaniza magetsi kwa mkati) ya capacitor yotopa, n'chifukwa chake mmawa wa June inkakana koma masana inkalola. Kuiona ndi maso inali yabwinobwino, yosatupa ngakhale pang'ono. ESR meter ndiyo inaigwira. Ndinaika yatsopano, ndipo mmawa wonse wa Julayi, kuphatikiza masiku a chiperoni, sipika inkayaka pa kuyatsa koyamba.

Ndili pompo ndinasinthanso ma capacitor a mbali yotulutsa mphamvu. Awo anali otupa pamwamba, olembedwa 85°C, atakhala moyandikana ndi heatsink, chitsulo chotaya kutentha. Ndinaika a 105°C a ESR yotsika. Lamulo lodziwika n'lakuti moyo wa capacitor wotere umawirikiza kawiri pa madigiri 10 aliwonse amene ukugwira ntchito pansi pa malire ake, ndiye kusiyana kwa madigiri 20 ndi kanayi. Zimandipweteka kuti opanga amapulumutsa tindalama tochepa pa chinthu chimene chimakhala m'bokosi lotsekeka, lotentha, logwedezeka tsiku lonse.

Kugwedezekako ndiye kunabala vuto lachiwiri. Amp ya class D ili ndi inductor (koyilo ya waya) yolemera potulukira mawu, ndipo mwendo wake umodzi unali ndi mng'alu wozungulira pa mtovu, wopyapyala ngati tsitsi. Ndinaupeza pogogoda bolodi ndi chotsukira mano cha pulasitiki nyimbo ikulira pang'ono, kenako ndinautsimikiza ndi galasi lokulitsa. Ndinawotchereranso miyendo yonse ya zinthu zolemera ndi ya soketi ya XLR, n'kumata inductor ndi silicone yosanunkha viniga, poti yonunkhayo imadya mkuwa. Poyatsa koyamba ndinadutsitsa magetsi mu babu yakale ya 100W: inawala kamphindi n'kuzirala, kusonyeza kuti palibe shoti. Ndisanalumikize woofer ndinayeza DC pakati pa waya zake ziwiri, inali mamilivolti ochepa. Ma amp ambiri a mtunduwu ndi bridged, kutanthauza kuti waya zonse ziwiri za woofer zimanyamula mphamvu, ndiye waya yakuda si ground, musaikhudzitse ku chitsulo cha bokosi.

Chikonzereni, kuthetheka sikunabwererenso, ngakhale pa maukwati amene nyimbo zimalira kuyambira masana mpaka mdima. Mu Novembala ndinatsegulanso kuti ndione. Mtovu uli bwino, ma capacitor ndi osalala pamwamba, ESR sinasinthe kwenikweni.

Pali zimene kukonzaku sikunathetse. Mu Okutobala, pa chinkhoswe cha panja dzuwa likuomba kumbuyo kwa sipika, inazima yokha kagetsi kofiira katayaka, n'kubwerera itazizira. Kumeneko si kuwonongeka, ndi chitetezo cha kutentha chikugwira ntchito yake. Koma nditatsegula, fani ndi heatsink zinali zitadzaza fumbi la chilimwe. Tsopano ndimapukuta ndi burashi pafupipafupi, ndipo panja timaiika pamthunzi. Sipika iyi ndi ya m'holo, ndipo amene amachita zochitika za panja nthawi zonse apeze ina ya heatsink yaikulu.

Kung'ung'udza kumene kunayamba mu Ogasiti kunandidetsa nkhawa, koma sikunali kwa amp. Ndikazula waya yochokera ku mixer, kunkatha. Laputopu inali pa soketi ina, sipika pa ina, ndiye panabuka ground loop, phokoso la 50Hz lobwera chifukwa cha kusiyana kwa earth ya masoketi awiriwo. Titaika zonse pa extension imodzi ndi kugwiritsa waya ya XLR yokhala balanced, kunatheratu. Ena amadula phini ya earth pa pulagi kuti phokoso lithe. Chonde musatero, maikolofoni ili pakamwa pa munthu ndipo magetsi angamugwire.

Chatsala ndi chokwezera mawu, chomwe chayamba kukwecha ukachizungulira. Contact cleaner amathandiza kwa kanthawi, kenako chimayambiranso. Ndi potentiometer ya 10k, ndipo ndikuyembekeza kupeza ya miyendo yofanana kuti ndiisinthe nyengo ya maukwati isanafike.