Miyezi 14 ndi makina a CT ogwirapo kale ntchito

Mnzanga amene ali ndi chipatala chake anandiimbira sabata yatha kufunsa ngati nayenso agule makina a CT (ojambula mkati mwa thupi ndi cheza cha X-ray) ogwirapo kale ntchito ngati athuwa. Amaimba n'kuti bilu ya injiniya ili patebulo panga, ndiye ndati yankho ndilembe pano.

Athu ndi a 16 slice (amajambula magawo 16 a thupi pamzungulo umodzi), okonzedwanso kunja. Bedi la wodwala limayenda bwinobwino, pampu yobayira contrast (mankhwala othandiza kuti ziwalo zioneke bwino pachithunzi) sinavutepo, ndipo mutu wa munthu wochita ngozi timaujambula m'masekondi ochepa. Tsiku limene taona magazi okhera mu ubongo nthawi isanathe, ndimaiwala ngongole yonse.

Chandisowetsa tulo ndi mkombero umene unayamba kuoneka pazithunzi mwezi wachisanu. Mkati mwa gantry, chimphete chachikulu chimene wodwala amalowamo, tube yotulutsa X-ray imazungulira wodwala, ndipo moyang'anizana nayo muli ma detector mazanamazana oyeza cheza chimene chadutsa m'thupi. Imodzi yokha ikayamba kuwerenga molakwika, cholakwacho chimabwerezedwa pamzungulo wonse, kompyuta n'kujambula mkombero pachithunzi. Ukakhala waukulu umadziwika. Wathuwu unali waung'ono, pafupi ndi pakati, moti pachithunzi cha ubongo unkaoneka ngati chotupa. Mayi wina tinatsala pang'ono kumuuza nkhani yoopsa. Anatipulumutsa ndi wojambula wathu, amene anaika phantom, chidebe cha madzi choyesera makina, n'kuona mkombero uli pomwepo. Madzi amayenera kuwerenga 0 pa sikelo ya Hounsfield yoyezera kulimba kwa zinthu pachithunzi cha CT, mpweya -1000, koma pamalo amenewo nambala zinali zitasokonekera.

Tikachita air calibration, kuwongola ma detector pojambula mpweya wokha, mkombero umachoka, pakapita masiku n'kubweranso. Patapita nthawi tinazindikira kuti umabwera magetsi akathima. Jenereta imayatsa makina, koma air conditioner tinali tisanailumikize, ndipo ma detector safuna chipinda chosinthasintha kutentha. Pamenepo tinalakwa ndife. Koma wotigulitsa anayendera chipindacho asanaike makina, osanenapo kanthu.

Titalumikiza zinachepa, koma sizinathe. Injiniya wawo amachokera kunja, ndipo tikiti ya ndege ndi malo ogona timalipira ife. Tinamudikira milungu itatu, odwala tikuwatumiza kwina. Anasintha module imodzi ya ma detector, kenaka n'kutiuza kuti tube nayo yatopa. Zimenezi n'zomveka, poti pafupifupi 99 peresenti ya mphamvu yolowa mu tube imasanduka kutentha. Chimene chinandipweteka n'chakuti pogula sanatiuze kuti tube inali itajambula kale kangati, ndipo waranti yake inali yaifupi kuposa ya makina onse. Zinalembedwa, inde, koma kumapeto kwa pepala, m'tizilembo ting'onoting'ono.

Tube yatsopano ndi madola masauzande makumi angapo, pamene odwala athu amalipira makwacha, ndipo madola kubanki ndi osowa. Mnzangayo ndamuuza kuti makinawa ndikhoza kugulanso, koma osati kwa munthu yemweyu. Asasaine asanaone mbiri ya tube, komanso mtengo wa service wa chaka chonse utalembedwa. Yanga biluyi ndikulipira pang'onopang'ono, ndipo za tube sitinagwirizanebe.