Tesita kapena multimeter: chida chiti chimagwira vuto la chingwe cha Starlink?

Kuyambira 2023, pomwe Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito m'Malawi, mbale zake zikuoneka pamadenga kuchokera pa Dedza boma mpaka ku Lizulu. Intaneti ikayamba kudukaduka, ambiri timathamangira kunena mitambo kapena mitengo. Koma kuno nkhungu ndi mvula ya chiperoni zimalowetsa chinyezi m'mapulagi, makoswe amatafuna zingwe m'siling'i, ndipo m'mphepete mwa lata mumacheka chingwe pang'onopang'ono mphepo ikamachigwedeza.

Chingwechi chili ndi mawaya 8 opotana awiriawiri, ndipo chimanyamula zonse ziwiri: intaneti ndi magetsi oyendetsa mbaleyo. Apa ndi pomwe zida ziwirizi zimasiyanira.

Tesita ya RJ45 (pulagi wamba ya zingwe za intaneti), ija ya batire ya 9V, ndi yosavuta. Kachidutswa kamodzi mumalumikiza kudenga, kena pansi, nkuyang'ana timagetsi 1 mpaka 8 tikuyaka motsatana. Kamodzi kakadumpha, waya waduka, nkhani yatha. Pa chingwe chotafunidwa ndi khoswe palibe chida chachangu kuposa ichi. Kungoti chotsani kaye chingwe ku rauta, chifukwa mphamvu yopita ku mbale imaposa 40V ndipo ikhoza kupsereza katesita kotchipa. Komanso mbale zakale za mtundu wachiwiri (Gen 2) zili ndi mapulagi akeake omwe salowa m'tesita popanda adaputa. Za mtundu wachitatu (Gen 3) ndizo zimagwirizana ndi RJ45.

Vuto la tesita ndi lakuti imakhutira msanga. Imatumiza mphamvu yochepa kwambiri, moti ngakhale pini itachita dzimbiri lobiriwira, kapena waya utatsala ndi kalusinga kamodzi, timagetsi tonse tiyaka. Mbale ya Gen 3 imakoka mawati 75 mpaka 100. Mphamvu imeneyo ikafika pamalo owola, voteji imatsika, mbale imazima nkuyambiranso, inu nkumadabwa poti tesita yati zonse zili bwino.

Multimeter, mita yoyezera magetsi ija, ndi yochedwa, koma imaona zimene tesita siona. Zimitsani zonse, chotsani chingwe mbali zonse ziwiri. Ikani mita pa ma ohm (muyeso wa momwe waya akuletsera magetsi kudutsa), gunditsani timiyendo take kaye kuti mudziwe zomwe tikuwerenga patokha, muzichotsera. Kenako kumapeto kwina lumikizani mawaya awiri a gulu limodzi, monga 1 ndi 2, ndipo yezani kumapeto kuno. Chitaninso chimodzimodzi ndi 3 ndi 6, 4 ndi 5, 7 ndi 8. Chingwe chabwino cha mamita 15 chimapereka ma ohm awiri kapena atatu, ndipo magulu anayiwo ayenera kufanana. Gulu limodzi likaonetsa 9 pomwe anzake ali pa 3, wakuba mwamugwira. Mukatero masulani polumikiza paja, muyeze waya uliwonse ndi mnzake: mita iyenera kulemba OL, kutanthauza kuti mawayawo sakukhudzana. Ikaonetsa nambala, madzi alowa kapena mawaya akhudzana.

Chinthu china chomwe ndimakondera mita: wina azigwedeza chingwe pomwe chapinda pa lata kapena polowera pakhoma, inu maso pa nambala. Zikamavina, bala lili pomwepo. Mapini a pulagi ndi aang'ono zedi, timiyendo ta mita sitikwana bwino, ndiye pezani soketi ya RJ45 yotulutsa mawaya m'malo mokanda pulagi ndi singano.

App ya Starlink nayo imachenjeza chingwe chikakhala chosalumikizika bwino, koma sikuuzani ngati vuto lili pa pulagi kapena pakati. Kubwereka chingwe cha mnzanu nkuyesa kumathetsa mkangano wonse, ngati alipo wokubwerekani. Kugula chatsopano musanayeze ndi kutaya ndalama, poti mwina pulagi yokha ndiyo yafunika kupukuta ndi kuumitsa.

Kwa ine, woika mbale zambiri akhale nazo zonse ziwiri, ayambe ndi tesita. Koma wa mbale imodzi pakhomo kapena pashopu, ndalama ikakwana chida chimodzi, agule multimeter, poti adzayezeranso batire ya sola.