Wailesi zolankhulirana za m'manja zotsika mtengo: mmene zatithandizira kuno ku Chigwa cha Shire

Maganizo ogula wailesi zolankhulirana za m'manja anandibwerera mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira ndi kudula msewu wa M1 kuno ku Chikwawa. Magetsi anazima, mafoni anatha moto, ndipo ngakhale anzathu amene anali ndi sola ankangoyang'ana foni yopanda netiweki. Tsiku limene madzi anafika kwathu, mayi a kunyumba anali kumunda wa mpunga cha ku dambo, mnyamata wathu wamkulu anali kubusa ndi ng'ombe, ine ndili pakhomo, ndipo panalibe njira ina yodziwira kuti wina ali pati kusiyapo kulowa m'madzi kukamufunafuna.

Nditagulitsa thonje chaka chomwecho ndinakwera ku Limbe n'kugula wailesi zinayi, pa mtengo umene sunafike pa mbuzi ziwiri. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi a Baofeng BF-888S, imene alonda ambiri amanyamula, koma zanga zinalembedwa dzina lina limene sinditchula pano. Wailesi za mtundu umenewu zili ndi matchanelo 16 amene munthu amasankha popotokola kabatani ka pamwamba, zimagwira ntchito pa mafunde a UHF pakati pa 400 ndi 470 MHz, ndipo zili ndi katochi kakang'ono kamene poyamba ndinkakaderera. Sizifuna simu khadi, sizifuna mayunitsi, ndiponso sizidalira nsanja ya kampani ya mafoni, chifukwa mawu amachoka pa wailesi ina kupita pa inzake mwachindunji. Ana kwathu anazipatsa dzina loti "ova-ova".

Funso limene aliyense amayamba nalo ndi la mtunda, ndipo apa m'pamene ogulitsa amanena zokometsera. Pa katoni ya zanga panalembedwa makilomita ochuluka kwambiri moti ndikanakhulupirira ndikanayesa kuti munthu ali ku Nchalo angacheze ndi m'bale wake ku Bangula. Zoona zake n'zakuti mafunde a UHF amayenda mowongoka ngati kuwala kwa tochi, choncho chilichonse chimene chaima pakati pa anthu awiriwo, kaya ndi chulu, nyumba za njerwa, mitengo yothithikana kapena munda wa nzimbe zazitali, chimadya mphamvu ya mawu. Pakati pa mudzi ndinapeza kuti tikatalikirana kupitirira kilomita imodzi mawu amayamba kudukaduka. Ku dambo, kumene kuli tetete popanda chotchinga, tinamvana bwinobwino pa mtunda wa makilomita atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kusalala kwa chigwa chathu, kumene kumatibweretsera madzi osefukira, n'kumenenso kumathandiza wailesizi. Chimene chinandidabwitsa ndi kusiyana kumene kumabwera munthu akangokwera pamwamba. Tsiku lina mnyamata wathu anali kutali moti ndinkangomva phokoso lokhalokha, koma nditamuuza kudzera mwa mlongo wake, amene anali pakati pathu ndi wailesi ina, kuti akwere pa chulu n'kuimika mlongoti wa wailesiyo chilili, mawu ake anamveka ngati ali kuseri kwa khola. Kuyambira pamenepo lamulo la pakhomo pathu ndi lakuti ukafuna kulankhula, yamba wapeza pokwera.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta, koma kamafuna kuzolowera. Munthu amadina batani la m'mbali, n'kudikira kamphindi, n'kulankhula, kenako n'kulisiya kuti mnzake ayankhe, pakuti awiri sangalankhule nthawi imodzi ngati pa foni. Malume anga, amene amakhala kufupi ndi mtsinje ndipo ndinawapatsa wailesi yachinayi, anatha sabata yathunthu akulankhula osasiya batanilo, kenako n'kumadandaula kuti, "Mphwanga, kachitsulo kako aka kamangomva koma sikayankha." Titakhala nawo pansi madzulo awiri anazolowera, ndipo ndi iwo amene anatidzutsa usiku wina mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, kutiuza kuti madzi afika pa khola lawo. Tinatulutsa ng'ombe ndi ana kupita kumtunda mdima ukadalipo, tikuunikira ndi katochi komwe kaja.

Pamene ndakhumudwa napo kwambiri ndi pa batire ndi potchajira. Batire yake, imene inalembedwa 1500 mAh, imatha tsiku lathunthu ngati munthu akungomvetsera n'kumalankhula mwa apo ndi apo, koma ana akaigwira n'kumacheza nayo, pofika masana imakhala yatha. Choipa kwambiri n'chakuti zanga zinabwera ndi potchajira pofuna magetsi a pakhoma, amene amakhala oyamba kuzima ngozi ikagwa, moti ndinachita kubwereranso kukafuna potchajira pa USB kuti ndizitha kugwiritsa ntchito sola. Amene mukufuna kugula, funsani zimenezi ndalama zikadali m'thumba. Kutentha kwa kuno nakonso n'koopsa kwa mabatire. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, batire imodzi inafufuma itaiwalidwa pawindo la nyumba ya malata, ndipo ndinaitaya. Komanso wailesizi si zolowa nazo m'madzi. Ife timazikulunga m'pepala la shuga n'kumanga ndi mphira, ndipo mawu amamvekabe, ngakhale amamveka ngati munthu akulankhulira m'mtsuko.

Pali nkhani ya malamulo imene wogulitsa sanandiuze. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo wailesi zotumiza mawu ngati izi zimayendera chilolezo cha bungweli. Wailesi zotsika mtengo zimabwera matchanelo ake ataikidwiratu ku fakitale, mosaganizira kuti ku Malawi mafunde amenewo anapatsidwa kwa yani, choncho n'zotheka kulowerera mauthenga a alonda a kampani ina kapena a ogwira ntchito yopulumutsa anthu osadziwa. Matchanelowo amasinthidwa pa kompyuta ndi chingwe chake komanso pulogalamu yaulere yotchedwa CHIRP, ndipo ndi bwino kufunsa kaye ku MACRA musanayambe kuzigwiritsa ntchito. Dziwaninso kuti palibe chinsinsi pa wailesizi, chifukwa aliyense amene ali pa mafunde omwewo akumva zonse, n'chifukwa chake ndinaletsa ana kutchula kumene ng'ombe zagona, poti akuba ziweto kuno si nkhani yachilendo.

Mnzanga wina wa mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi ali ndi Baofeng UV-5R, yokwera mtengo pang'ono, imene ili ndi matchanelo 128, imagwira mafunde a mitundu iwiri, a VHF ndi a UHF, ndipo imathanso kutola mawailesi a FM, chinthu chothandiza pofuna kumva machenjezo a zanyengo. Koma mabatani ake ndi ambiri, ndipo sindikuona malume anga akuithana nayo usiku mvula ikugwa.

Kwa banja limene munda, busa ndi khomo zili motalikirana makilomita awiri kapena atatu, komanso kwa asodzi a ku Elephant Marsh amene amafuna kumvana bwato ndi bwato, wailesi zosavutazi ndikuziyamikira. Amene akuganiza kuti adzaitanira nazo boti lopulumutsa anthu kuchokera ku boma la Nsanje ali ku Makhanga asataye ndalama zake, chifukwa mawu sadzafika, ndipo ngakhale atafika, kumeneko kulibe amene akumvetsera tchanelo chake. Zathu zatsala zitatu zogwira ntchito, poti imodzi ikudikirabe batire, ndipo Disembala akangoyamba timaziyesa Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, malume ali kwawo, ine nditakwera pa ngolo.